Chipata Chimene Sindinatsegule

Lolemba, 5 Meyi 2014

Mphepo yotentha kuyambira m'mawa. Kumunda mpaka dzuwa pamutu. Maolivi achita maluwa bwino chaka chino, bola mphepoyi isawayoyole. Bondo likupwetekabe.

Masana foni. Belmiro Fangueiro, wapampando wa gulu lathu la asilikali akale, ife amene tinkalondera bwalo la ndege zankhondo ku Guinea, nthawi imene dziko lathu linkalamulira kumeneko. Ndimayesa ndi za phwando lathu la pachaka, la pa 17. Zinalidi zomwezo, koma kumapeto akuti, "Khala pansi kaye, Amândio. Braima ali moyo."

Braima Djaló. Zaka makumi anayi ndikudziwa kuti anamuwombera.

Mwana wake wamkazi, Cadi, walembera gulu kalata. Amagwira ntchito yosamalira okalamba m'tauni ya Amadora, kwathu konkuno. Bambo akewo anawabweretsa kuno chaka chatha, impso zasiya kugwira, katatu pa sabata amakagona pa makina otsuka magazi. Akufuna anthu awiri asaine umboni woti Braima analidi msilikali wathu. Zikalata zake anaziwotcha yekha ife titachoka, kuopa kuphedwa nazo. Popanda umboni boma silikumudziwa, ndipo chilolezo chokhala kuno chitha mu Julayi. Kwawo makinawo sangawapeze.

Belmiro wasaina kale. Wachiwiri akufuna ine. Akuti, "Nanga wina ndani? Inu awiri munkadyera mbale imodzi."

Ndayankha kuti ndiganize kaye. Idalina wafunsa kuti amaimba ndani, ndati ndi za phwando basi. Kumunamiza mkazi wanga pa msinkhu uno.

Lachitatu, 7 Meyi

Kwa dokotala za bondo. Mapiritsi omwe aja.

Chiyambire Lolemba mutu uli ku mpanda uja wa bwalo la ndege. Waya waminga mizere itatu, nsanja zisanu ndi zitatu, udzu umene tinkatchetcha Lolemba n'kupeza Lachisanu wafika m'chiuno. Ndinafika kumeneko ndili ndi zaka makumi awiri, ndisanakwerepo ngakhale sitima. Oyendetsa ndege ankatitcha abusa a waya. Asilikali a m'tchire ankati ife tili pa tchuthi. Mwina zoona. Koma amene sanaimepo maola asanu ndi limodzi akuyang'ana udzu ukugwedezeka, kumbuyo kwake kuli matanki a mafuta okwana kupsereza tauni yonse, asandiuze za tchuthi.

M'gulu lathu munali a komweko khumi ndi anayi. Yunifomu yomweyo, mfuti yomweyo. Ine anandiphatikiza ndi Braima, wamkulu kwa ine ndi zaka zisanu. Tsiku loyamba anandiyang'ana nsapato n'kuti, "Uzizikutumula usanavale, m'bale. Kuno adani ambiri ali ndi miyendo isanu ndi itatu."

Ndi amene anandiphunzitsa kumva. Achule akasiya kulira mbali imodzi, yang'ana komweko. Mbalame zikauluka zonse pamodzi, gona pansi, mafunso pambuyo. Tinali ndi galu, Faísca. Braima, pokhala Msilamu, sankalola kuti amunyambite, koma nyama yake theka inkathera kwa galu yemweyo. Ankati, "Uyu ndiye sajeni weniweni, enawa ndi zipewa chabe."

M'mawa umene mizinga inagwa, mu Epulo wa '73, ine ndinathamangira ku ngalande ya pafupi ndi matanki. Iye anandigwira lamba n'kundikokera kwina ngati mbuzi. Ngalande ija masana ake inali dzenje lakuda. Sanaitchuleponso nkhaniyo. Ankangondiseka kathamangidwe.

Izi ndikhoza kuzifotokoza paliponse, ndipo ndazifotokozapo pa maphwando angapo. Zinazo ayi.

Loweruka, 10 Meyi

Kumsika ndi Idalina. Mbande za tomato, tchizi cha nkhosa, chingwe. Wa positi wabweretsa fomu ija, Belmiro sachedwa. Dzina la mboni, nambala ya usilikali, zaka zimene munagwira limodzi. Pansi pake mizere itatu: zina zimene mboni ikudziwa.

Mizere itatu.

Ndaiyika m'kabati ya zida, pansi pa bokosi la misomali.

Lamulungu, 11 Meyi

Idalina kutchalitchi. Ine ndati bondo. Ndilembe, mwina zikakhala papepala ndiziona kukula kwake.

Seputembala 1974. Nkhondo yatha, tikupakira. A komweko aja anali atalandidwa kale mfuti ndi yunifomu, n'kuuzidwa kuti apite kwawo, palibe chimene chiwachitikire. Iwo ankadziwa bwino kuposa amene ankawauzawo. Lamulo la pa chipata chachikulu: wa komweko aliyense asalowe, ngakhale akhale ndani.

Tsiku limenelo pa chipata ndinali ine. Cha m'ma 3 koloko masana, mvula itangokata, nthaka ikufuka nthunzi. Kunja anthu mwina makumi asanu, akatundu pamutu. Pakati pawo anzathu aja, atavala malaya wamba, osaoneka ngati iwo. Braima anafika mpaka pa waya. Mkazi wake Aissatu pambali, khanda kumsana. M'manja chikalata chake cha usilikali.

Sanakuwe ngati enawo. Anangoti, "Amândio, ndine."

Lole ya katundu inabwera. Ndinatsegula kuti ilowe. Chipata chinakhala chotsegula nthawi yokwana munthu kumwa kapu ya madzi. Anthu atatu akanadutsa m'mbali mwa loleyo, palibe akanawerenga. Sajeni kunalibe, anali atapita kukasaka fodya. Izi ndiye zimene sindinauzepo munthu: panalibe wondiyang'anira. Panali ine ndekha, ndi masiku asanu ndi anayi otsala kuti ndikwere ndege ya kwathu, ndi mantha oti akandigwira andichotsa pa mndandanda.

Braima anaponda phazi limodzi mkati. Ine ndinapingasa mfuti pachifuwa. Maso ndinaponya pamwamba pa mutu wake, ku mtengo wa mango wa tsidya la msewu. Mpaka lero ndikhoza kuujambula mtengowo nthambi ndi nthambi. Nkhope yake ya tsiku limenelo sindikuidziwa.

Anabweza phazi. Ndinatseka.

Chaka chotsatira wina anabwera ndi nkhani yoti onse a m'gulu lathu anawatengera kutchire. Ndinalira, inde. Koma ndilembe zoona: pansi pa kulirako panali kupepukidwa. Womwalira safunsa.

Idalina wabwera ndi buledi wotentha. Ndadya ngati munthu wabwinobwino.

Lachinayi, 15 Meyi

Idalina wapeza fomu ija. Amafuna msomali wopachikira kalendala.

Ndamuuza zonse, tili kukhitchini, iye akusenda mbatata. Sanasiye kusenda mpaka ndamaliza. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri m'banja, ankadziwa za galu, za mizinga, za malungo. Za chipata ayi.

Anaika mpeni pansi. Kenaka akuti, "Ndiye masiku onsewa pepala lili pansi pa misomali, munthu ali pa makina?"

Ndinati sindikudziwa kuti ndikamuyang'ana bwanji.

"Bambo a Rui, munthuyo sanapemphe nkhope yanu. Wapempha dzina lanu. Mpatseni zake kaye, zanuzo muziona pambuyo."

Madzulo sanandilankhule kwambiri. Koma wandisitira malaya oyera a Loweruka.

Loweruka, 17 Meyi

Phwando, ku lesitilanti ya m'mbali mwa msewu ija, yomwe ya chaka chatha. Tinalipo makumi awiri ndi atatu. Chaka chatha makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Belmiro anawerenga maina a atatu amene atisiya, tinaima, wina foni n'kulira nyimbo ya zidzukulu.

Nyama ya nkhosa, vinyo wambiri. Custódio wabwera ndi ndodo ziwiri tsopano koma pakamwa mpomwe paja. Atandiona akuti, "Taonani mbusa wa waya! Iwe, mimba imeneyo ukanakhala nayo kale, bwenzi mizinga yonse ikugwera pa iwe, ndege zikanapulumuka." Ine ndinati iye anawombera ng'ombe ya eni ake n'kulemba lipoti loti wabweza adani. Akuti, "Inali ng'ombe ya adani, aise, inkayenda mokayikitsa." Chaka chilichonse ng'ombeyo imakula. Chaka chino inali ndi anzake awiri.

Ndinaseka ndi mtima wonse, osanama. Ndimawakonda madalawa. Palibe wina padziko amene amadziwa fungo la mpanda uja mvula ikagwa.

Koma lero ndimamvetsera mwa mtundu wina. Nkhani zathu zonse zimathera mu Ogasiti wa '74. Palibe amene amafika mu Seputembala.

Nthawi ya khofi kunalowa mayi wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, mpango wobiriwira, chikwama cha kuntchito paphewa. Cadi. Belmiro anamuitana osatiuza. Wakwera mabasi awiri pa tsiku lake lopuma. Madala amene amakuwa mphindi yapitayo, aliyense maso m'kapu.

Anapereka moni tebulo ndi tebulo, mwaulemu. Atafika pa ine sanafunse dzina. Akuti, "Ndinu bambo Amândio. Ababa anati ndikayang'ane wa makutu aakulu." Kuseka kwake n'kwa bambo ake, mano onse panja.

Ndinati ndisaina Lachiwiri, kenaka nditumiza pa positi. Anapukusa mutu. "Ababa akuti mubweretse nokha. Akuti Lachinayi sapita ku makina."

Pobwerera Belmiro anandiperekeza ku galimoto. Tinaima padzuwa. Akuti, "Tsiku lija ndinali pa nsanja ya kuchipata. Ndinaona." Ndinamufunsa chifukwa chake sananenepo zaka zonsezi. Akuti, "Ndinene chiyani? Masitepe anali khumi ndi awiri okha. Nanenso sindinatsike."

Lachiwiri, 20 Meyi

Kwa loya wotsimikizira zikalata, m'mawa. Ndasaina, wadinda. Pa mizere itatu ija ndalemba kuti anali msilikali wabwino koposa amene ndinagwira naye ntchito, ndipo anapulumutsa moyo wanga mu Epulo 1973. Malo anathera pomwepo.

Idalina wakonza botolo la mafuta a maolivi athu ndi uchi. Ndimati nditenge soseji, iye akuti, "Ya nkhumba? Kwa Msilamu? Mutu uli kuti?" Zoona, mutu palibe.

Basi ya 6:40 Lachinayi.

Lachisanu, 23 Meyi

Dzulo sindikanatha kulemba.

Nyumba yosanja, chipinda chachinayi kukwera, chikepe chakufa. Bondo linandikumbutsa sitepe iliyonse. Ndinaima pakhomo nthawi ndithu ndisanagogode. Cadi anatsegula, anandilandira katundu, n'kunena kuti akupita kukagula zinthu. Anatisiya dala.

Braima anali atakhala pa mpando pafupi ndi zenera, bulangete pamiyendo ngakhale kunkatentha. Wachepa. Munthu amene anandikoka ndi dzanja limodzi, tsopano mkono ngati bango, wodzaza zipsera za singano. Maso achita mtambo, Cadi anali atandiuza kuti amangoona zithunzithunzi.

Ndisanalankhule akuti, "Ukuyendabe ngati bakha. Ndakumva kuyambira pansi."

Ndinamupatsa fomu. Anaipapasa, anapeza pamene pali chidindo, anaiyika pansi pa bulangete. Kenaka anafunsa za Custódio, za sajeni, za galu. Ndinamuuza kuti agalu onse anawasiya komweko. Akuti, "Ndiye tinali ambiri."

Ndinayamba zimene ndinakonza m'basi. Ndinangofika pa "tsiku lija" iye n'kukweza dzanja. "Dikira. Iwe unaona mbali yako ya waya. Imva ya kuno."

Anafotokoza mosakweza mawu, ngati akupereka lipoti. Atachoka pa chipata anawotcha chikalata kuseri kwa msika. Anayenda kulowera kumalire a Senegal, masiku khumi ndi atatu, kupewa misewu. Khanda lija linali lamwamuna, Umaro, miyezi isanu ndi iwiri. Linatsegula m'mimba pa tsiku lachisanu ndi chitatu, linamwalira pa tsiku la khumi ndi limodzi. Analikwirira m'mphepete mwa munda wa mpunga wa munthu amene sakumudziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ku Senegal, akusoka matayala. Cadi anabadwira komweko. Aissatu anamwalira mu 2006. Mwa khumi ndi anayi aja, asanu ndi atatu anaphedwa chaka choyamba.

Ine sindinkadziwa n'komwe kuti khandalo linali lamwamuna.

Ndinati, "Ndikanatsegula."

Akuti, "Unatsegula. Unatsegulira lole."

Kunja ana akusewera mpira, wina akukazinga anyezi.

Kenaka akuti, "Ndaganiza zaka zambiri. Ukanandilowetsa, mwina akanatitulutsa madzulo omwewo. Mwina ayi. Zimenezo adziwa ndi Mulungu, ine ndinazisiya. Unali mwana, unkafuna amayi ako. Chimene chinandikhala pamtima n'china. Ndinakuitana dzina, iwe n'kuyang'ana mtengo. Ukanati, Braima, sindingathe, ndikuopa. Ndikanapita ndili munthu."

Ndinamuuza kuti sajeni kunalibe. Sindikudziwa chifukwa chake, ndinkangofuna adziwe zonse. Akuti, "Ndikudziwa. Ndinamuona akupita. N'chifukwa chake ndinasendera nthawi imeneyo."

Ndinalira, mdala wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, m'nyumba ya eni. Anandisiya ndilire. Sanandigwire phewa, sananene kuti zatha. Atatopa nazo akuti, "Basi, sindinakuitanire maliro. Sendera kuno, kuwala kuli mbali ino." Ndinakoka mpando. Anandiyang'ana ndi maso akewo nthawi yaitali, ine ndinamuyang'ananso. Ndi zokhazo.

Mawu oti ndakukhululukira sanatuluke. Inenso sindinawapemphe, Idalina akanandinyadira.

Cadi atabwera tinadya mpunga ndi nsomba, tsabola wambiri. Braima anangodya masipuni atatu, madzi amamuyezera. Analawa mafuta aja ndi chala akuti, "Zaka ziwiri unkatibowa nawo maolivi a bambo ako. Kani sunkanama." Anamuuza Cadi mmene ndinathamangira tsiku la mizinga, manja uku ndi uku. Cadi anaseka mpaka kutsamwa.

Ndikutsanzika anandigwira dzanja osalisiya. Akuti ali ndi ntchito ina yoti andipatse, koma ayambe waona ngati pepalali ligwire.

Basi yobwerera inachedwa ola lathunthu. Idalina anandidikira pa siteji.

Lachitatu, 4 Juni

Kuthirira tomato. Mwana wathu Rui waimba, abwera ndi ana mu Ogasiti. Ndaganiza kuti ndidzamuuza, koma osati pa foni.

Kwa Cadi kuli zii. Sindikufuna kuvutitsa.

Lolemba, 30 Juni

Cadi waimba ndili kumunda. Chilolezo awonjezera, chaka chimodzi. Za kumuzindikira ngati msilikali akuti fayilo yatsegulidwa, zitenga nthawi, mwina yaitali kuposa imene iye ali nayo. Koma pa makina sachotsedwapo. Ndinakhala pansi pa mtengo.

Kenaka anapatsira bambo ake foni. Mawu ofooka kuposa mwezi watha. Alibe nthawi ya moni wautali. Akuti kwawo kuli akazi amasiye anayi a anzathu aja, ndi ana awo, ndipo palibe pepala lililonse lonena kuti amuna awo anakhalako. Iye maso alibe, ndipo umboni wake wokha sukwanira. "Iwe ndi Belmiro muli ndi maina amene maofesi amamva. Lemba onse khumi ndi anayi, dzina ndi nsanja imene ankalondera. Loweruka lino ubwere nawo, tidzafananize. Usachedwe, m'bale, ine sindili pa tchuthi."

Ndati ndibwera.

Ndakhala pa tebulo chidyereni nkhomaliro. Ndimayesa n'zosavuta.

Braima Djaló, nsanja yachitatu, ndi ine.
Mussa Candé, wa ku matanki, ankaimba akamatsuka mfuti.
Quecuto Mané, kuchipata chaching'ono.
Samba Embaló ndi mng'ono wake Iero, sankalola kuwasiyanitsa.
Augusto Nhaga, Mkhristu yekhayo, ankameta anthu Loweruka.

Asanu ndi mmodzi. Belmiro wawonjezera awiri pa foni, wachitatu tikukangana ngati anali Seco kapena Sadjo. Custódio akukumbukira nkhope, maina ayi.

Panali wina wamtali, dzino lakutsogolo lothyoka. Miyezi isanu ndi umodzi ankandilandira pa nsanja m'mawa uliwonse, ankandibweretsera mtedza m'chipewa. Tinkamutcha Wailesi chifukwa sankatseka pakamwa. Anali pa chipata tsiku lija, kumbuyo kwa Aissatu, atanyamula makina osokera pamutu. Dzina lake lenileni sindinaiwale ayi. Sindinafunsepo.

Ndasiya mzere wake wopanda kanthu. Loweruka ndikafunsa.